Lipoti: spray rail imene inakana kugona bwino pa thupi la boti la faiba

Botili ndi la faiba, lotalika mamita 6.5, loyendera injini yomangirira kumbuyo. Mwini wake amanyamula anthu ndi katundu kuchokera ku Nkhata Bay kupita kumidzi ya m'mbali mwa nyanja chakumpoto, monga Usisya. Kujambula ndi kuumba kunachitikira ku Mzuzu, pamalo ena a amisiri ku Luwinga, pafupifupi makilomita 50 kuchokera kunyanja. Dandaulo la mwiniyo pa boti lake lakale linali limodzi: mwera ukayamba m'miyezi yozizira, madzi ankakwera m'mbali n'kumanyowetsa anthu ndi matumba a ufa. Anapempha kuti latsopanoli likhale ndi kamtunda kotalika m'mbali zonse ziwiri, koyambira kumphuno n'kutsetserekera chakumbuyo, kokankhira madzi kunja. Amisiri amakatcha spray rail. Inayenera kutuluka 35 mm chakutsogolo, n'kumachepa pang'onopang'ono mpaka kuzimirira m'thupi la boti pa mamita 4.2 kuchokera kumphuno.

Thupi la botilo linajambulidwa mu Rhino 7, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira zinthu za 3D. Pamalopo palibe makina a CNC, amene amacheka okha motsata chojambula cha pakompyuta, ndiye njira inali iyi: kudula chojambulacho ndi lamulo la Contour pa 250 mm iliyonse, kusindikiza zidutswazo papepala mu saizi yeniyeni, kucheka nthiti za pulayiwudi ya 12 mm, kuziimika pa benchi, kuzikuta ndi timatabwa ta paini wa ku Chikangawa, kenako fila (phala lodzazira mipata) ndi sandipepa. Chotulukapo ndi plug, chifaniziro cha botilo mu saizi yeniyeni, ndipo pa plug ndi pamene paumbidwira chikombole. Chilema chilichonse cha pa plug chimalowa m'chikombole, ndipo boti lililonse lotuluka m'menemo limabadwa nacho.

Chizindikiro choyamba

Nthiti zonse zitaima, mmisiri wa matabwa anatenga kathabwa kopyapyala ka paini, 20 mm ndi 8 mm, kotalika mamita 4, n'kukagoneka motsata makona a rail pa nthiti iliyonse. Kuchokera kumphuno mpaka nthiti 13 kanagona bwinobwino. Pa nthiti 14 kanasiya mpata wa pafupifupi 3.5 mm, woti ndalama yachitsulo n'kulowamo momasuka. Atakapanikiza ndi chala kuti kakhudze, kanadzuka pa nthiti 12. Pa 15 ndi 16 makonawo ankalowa ndi kutuluka ndi 3 mm, mzere ukuyenda mokhotakhota.

Anthu anayamba kukayikira jigsaw, macheka a magetsi amene anachekera nthitizo, koma mbali ya kumanja ndi ya kumanzere zinali ndi chilema chofanana ndendende, ndipo dzanja la munthu sililakwitsa mofanana kawiri. Pepala nalonso linayezedwa, poti chinyezi cha ku Mzuzu chimalitambasula: mzere woyesera wa 1000 mm umene unasindikizidwa m'mphepete unali usanasinthe kufika ngakhale milimita imodzi. Panatsala fayilo ya chojambulacho. Mmisiriyo anakana kukhoma thabwa ngakhale limodzi mpaka wojambula atayang'ananso, ndipo kukana kumeneku n'kumene kunapulumutsa ntchito yonse.

Zimene zinapezeka mu fayilo

Kuti zotsatirazi zimveke, tikumbutsane magawo a kulumikizana kwa ma curve (mizere ya chojambula) ndi ma surface (zikopa zopanga thupi la chojambulacho). Zonsezi zimapindidwa posuntha mfundo zotchedwa ma control point. G0 ndi kungokhudzana, ndipo imadalira control point yomaliza yokha. G1 ndi kukhudzana zonse zikuloza njira imodzi, ndipo imadalira ma control point awiri omaliza. G2 imawonjezera kuti kapindikidwe kakhalenso kofanana pamalo okumanirapo, ndipo imadalira atatu. Pa surface zimakhala chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa mfundo imodzi ndi mzere wathunthu wa ma control point. Dzanja limamva G0. G1 dzanja siliyimva kwenikweni, koma pa gelcoat yowala, chikuto cha kunja kwa boti la faiba, diso limayiona.

Vuto loyamba linali pa thupi la boti lenilenilo, osati pa rail. Thupilo linali ma surface awiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, olumikizidwa ndi Join pa mamita 3.25, pamene pali nthiti 13. EdgeContinuity, lamulo loyeza kulumikizana pamsoko, inaonetsa kuti awiriwa ankasiyana kolozera ndi madigiri 0.8 pamalo amene rail imadutsa. Pa sikirini 0.8 siyioneka, ndipo Rhino sinadandaule chifukwa angle tolerance yake, kusiyana kwa ngodya kumene imalolera, imakhala digiri imodzi ngati munthu sanayisinthe. Chilichonse chochepera pamenepo imachitenga ngati chosalala. Koma werengani: madigiri 0.8 pa mtunda wa 250 mm amapereka 3.5 mm, mpata womwe uja wa pa nthiti 14. Zebra, imene imaika mizere ngati ya mbidzi pa surface kuti kuthyoka kuoneke, inavomereza. Poyamba mizere yake inkaoneka yothyoka paliponse chifukwa mesh yoyezera, ukonde wa timabwalo umene Rhino imaonetsera surface, inali yokhakhala, koma itasinthidwa pa Adjust Mesh, kuthyoka kunatsala pamsoko wokhawo. Curve iliyonse yogonekedwa pa surface yothyoka imathyokanso pomwepo, ngakhale itajambulidwa mwaluso chotani.

Vuto lachiwiri ndi limene ambiri ogwira ntchitoyi amagweramo. Mzere wa rail unajambulidwa mu view ya chammbali ndi InterpCrv kudutsa pa mfundo 23, kenako n'kuponyedwa pa thupi ndi Project. Project imaponya curve molunjika njira imodzi yokha. Kutsogolo, kumene khoma la boti laima pafupifupi chilili, palibe cholakwika. Koma rail ikamatsikira kumbuyo imafika pamene thupi lagona, lapendekeka madigiri 15 okha kuchokera pansi. Pamenepo zimakhala ngati chithunzithunzi cha munthu dzuwa likamalowa: kusuntha pang'ono mmwamba kumakhala kusuntha kwakukulu pansi. Pa madigiri 15, milimita imodzi ya kutalika imasanduka 3.7 mm ya m'lifupi. CurvatureGraph, imene imaonetsa kapindikidwe ka curve mokulitsa, inaonetsa timafunde ting'onoting'ono pa curve yoyamba ija, ta pafupifupi 0.8 mm, toti mu view ya chammbali palibe akanatiwona. Titaponyedwa tinakula kufika 3 mm pa nthiti 15 ndi 16. Mfundo 23 zinali zambiri mopyola. Mfundo iliyonse yowonjezera ndi malo enanso oti curve igwedezekerepo.

Vuto lachitatu linabisa awiri enawo. Fayilo inayambidwa ndi absolute tolerance (mpata umene Rhino imalolera pakati pa zinthu zolumikizana) ya 0.001 mm, yothina kwambiri pa chinthu cha mamita 6.5, ndiye curve yoponyedwayo inatuluka ndi ma control point oposa 180. Surface ya rail yopangidwa ndi Sweep2 kuchokera pa iyo inatengera unyinji womwewo. Itakana kulumikizana ndi thupi, tolerance inakwezedwa kufika 1 mm kuti Join ivomere. Inavomeradi, ShowEdges n'kusaonetsanso naked edge iliyonse, kutanthauza m'mphepete mosalumikizidwa, koma mipata inali ilipobe, yangophimbidwa.

Chosankha choyamba: fila kapena kubwerera ku fayilo

Panali maganizo oti 3.5 mm ndi nkhani yaing'ono, fila ndi sandipepa zithana nayo. Pakati pa khoma losalala zimenezo n'zoona ndithu. Pa kona yotalika mamita anayi sizitheka bwino, chifukwa diso limatsata kona kuyambira kumphuno mpaka kumapeto, ndipo mbali ziwiri zokonzedwa ndi manja sizifanana. Komanso fayilo ikanatsala yolakwika, pamene ndi yomweyo inayenera kupereka miyezo ya mipando ndi zipupa za mkati. Kubwerera ku fayilo kunatanthauza kuchekanso nthiti zisanu ndi imodzi, 12 mpaka 17. Mtengo wa pulayiwudi imeneyo sungafanane ndi wa chikombole cholakwika. Mwini boti atamva kufotokozaku anavomera kudikira.

Tolerance inaikidwa pa 0.01 mm, angle tolerance pa madigiri 0.1. Kusintha manambalawa sikukonza zimene zinapangidwa kale, ndiye zonse zinamasulidwa ndi Explode, m'mphepete mwake n'kubwezeretsedwa ndi RebuildEdges kuti mipata yeniyeni ioneke.

Thupi kaye, curve pambuyo

Njira yachidule inali lamulo la MatchSrf pa Curvature, ndiye kuti G2, kukokera surface yakutsogolo kuti igwirizane ndi yakumbuyo. Pamsoko penipeni Zebra inadutsa bwino, koma chakutsogolo pang'ono kunatuluka chotupa. Chifukwa chake n'chakuti MatchSrf pa G2 imasuntha mizere itatu yomaliza ya ma control point, ndipo pa surface imeneyi mizereyo inali yothithikana, yotalikirana 40 mm yokha. Kusintha konse kunapanikizidwa m'kadera kochepa. Chilema sichinachoke, chinangosamuka. Ili ndi phunziro loyenera kulisunga: EdgeContinuity ikanena kuti G2 yatheka, ikunena za pamsoko pokha, siikunena kuti thupi lonse ndi losalala.

Choncho thupi linamangidwanso ngati surface imodzi. Zidutswa zisanu ndi ziwiri zinatengedwa pa thupi lakale, kupewa dala dera la msoko, chilichonse n'kupangidwanso ndi Rebuild kukhala degree 3 ndi ma control point 6. Zonse zikakhala ndi kamangidwe kofanana, Loft, lamulo loyala surface pa zidutswazo, imatulutsa surface yopepuka yoti munthu angathe kuikonza ndi dzanja mzere ndi mzere. PointDeviation inaonetsa kuti thupi latsopano linasiyana ndi lakale ndi 2.5 mm pafupi ndi nthiti 13 ndi 14, pomwe lakale linali lolakwika, ndipo kwina konse kusiyana sikunafike theka la milimita. N'chifukwa chake nthiti zina zinasiyidwa zili chiimire. Hydrostatics inatsimikiza kuti kayandamidwe ka boti sikanasinthe moti n'kudetsa nkhawa.

Curve yatsopano ya rail inajambulidwa ndi ma control point 6 pa degree 5, chidutswa chimodzi chopanda knot (polumikizira) mkati, CurvatureGraph ili yoyatsa, akuiyang'ana chammbali, kuchokera pamwamba ndi kutsogolo nthawi imodzi. Inapitirizidwa dala mpaka mamita 5, kupyola pamene rail imathera. Mfundo zake zinasunthidwa mpaka curve yonse inayandikira thupi mkati mwa milimita imodzi, ndiyeno inakokedwa ndi Pull m'malo mwa Project. Pull imapititsa mfundo iliyonse pamalo a surface amene ali pafupi kwambiri, choncho kupendekeka kwa thupi sikukulitsa cholakwa. Koma Pull ili ndi msampha wake: curve ikakhala kutali, makamaka pamalo olowa mkati ngati m'munsi mwa mphuno, malo oyandikira amadumphadumpha ndipo chotuluka chimakhala chokhotakhota. Muyandikitse kaye ndi dzanja, Pull ingomalizitsa.

Apa panatsala ma curve awiri, ndipo onse anasungidwa pa ma layer osiyana. Yopepuka ya mfundo 6 ndiyo yosinthira maonekedwe. Yokokedwa ili ndi mfundo zambiri koma ili pa surface ndendende, ndipo ndiyo yodulira thupi. CrvDeviation pakati pa ziwirizi inali 0.4 mm. Musayese kupepukitsa yokokedwayo ndi Rebuild kenako n'kudulira. Ikatero imachoka pa surface ndipo Trim imakana kapena kusiya mpata. Pull ili ndi option ya Loose imene imasunga kamangidwe ka curve yoyamba, ndipo ndi yabwino poyesa maonekedwe, koma siilonjeza kuti curve ili pa surface mkati mwa tolerance.

Pamene rail imazimirira

Gawo lovuta kwambiri linali la 800 mm zomaliza. Kona yakunja ya rail ndi curve yoyenda mumlengalenga, ndipo iyenera kutera pa thupi popanda phewa. Mu fayilo yakale inangofikitsidwa pa surface n'kuima, G0, ndipo pa plug pakanaoneka ngati pasongoka mwadzidzidzi. Lamulo la Match lili ndi option ya SurfaceEdge, koma imeneyo imagwira m'mphepete mwa surface, curve ikufika mopingasa. Pano curve ikutera pakati pa surface, ikuyenda motsata boti.

Njira yake ndi kuipatsa curve inzake yoti itsatire, imene ili kale pa surface. N'chifukwa chake curve yokokedwa ija inapitirizidwa mpaka mamita 5. Kope lake linadulidwa pa mamita 4.2, n'kusunga chidutswa chakumbuyo. Kona yakunja inajambulidwa kuchokera kumphuno n'kuimitsidwa pa mamita 3.4, pamene inali ikadatuluka 20 mm. Kenako BlendCrv inalumikiza ziwirizi, Curvature mbali zonse. Chotuluka chimakhala degree 5 ndi mfundo 6, zitatu za mbali iyi ndi zitatu za mbali inayo, ndipo n'chifukwa chake curve ya mfundo zinayi singapereke G2 kumapeto onse awiri mwaufulu. Popeza chidutswa chakumbuyo chili pa thupi, curve yogwirizana nacho pa G2 imatenga kolozera ndi kapindikidwe ka thupi lenilenilo m'njira imeneyo.

Kusiyana kwa G1 ndi G2 pamenepa kumaoneka ndi maso. Pa G1, mpata wa pakati pa curve ndi thupi umakula kanayi mtunda ukawirikiza kawiri. Pa G2 umakula kasanu ndi katatu, kutanthauza kuti pafupi ndi poterapo mpatawo ndi wochepetsetsa ndipo rail imatuluka m'thupi mwakachetechete, osadziwika pamene yayambira.

Koma BlendCrv siidziwa kuti pali surface. Zogwirira zake zitakokedwa motalika, curve inalowa mkati mwa thupi ndi 0.6 mm isanatere, zimene pa plug zikanakhala kangalande. GCon, lamulo loyeza kulumikizana kwa ma curve awiri, inkanenabe kuti G2 ilipo, ndipo inkanena zoona. Chinaulula ndi kudula Section zingapo m'derali n'kuyang'ana pafupi mbali imene curve ili. Chogwirira cha kumbuyo chitafupikitsidwa, curve inakhala kunja kwa thupi njira yonse. Ndi bwino kuyeza zimenezi nthawi iliyonse mukasuntha chogwirira.

Surface ya pansi pa rail sinafikitsidwe kumapeto kwenikweni. Surface imene m'lifupi mwake mumafika pa ziro imakhala ndi ma control point ambiri ounjikana pamfundo imodzi, ndipo pamenepo OffsetSrf, FilletEdge ndi Zebra zonse zimasokonekera. Inadulidwa pa nthiti 16, mamita 4.0, pamene m'lifupi munatsala 2 mm. Zotsala 200 mm zinasiyidwira mmisiri kuti amalize ndi fila, motsata mzere wosindikizidwa kuchokera pa curve yomwe ija.

Kusalala kumene kukanatsekera boti m'chikombole

Pamwamba pa rail, khoma lake limabwerera kukalumikizana ndi thupi. Mzere wolumikizira unaikidwa 80 mm pamwamba pa rail, unakokedwa ndi Pull, thupi linadulidwa, ndipo BlendSrf inadzaza mpatawo pa G2 mbali zonse. Zebra inaoneka yokongola kwambiri. Ndipo pomwepa ndi pamene ntchito ikanaonongekera.

Chikombolecho ndi chachidutswa chimodzi, boti limatulukira mmwamba. Malo alionse a khoma amene akubwerera mkati pokwera amalikola. Chakutsogolo khoma la botili limatambasukira kunja madigiri 20 kuchokera chilili. Pa kukwera kwa 80 mm limatuluka 29 mm yokha, pamene rail yatuluka 35 mm. Ndiye khoma la pamwamba pa rail linayenera kubwerera mkati 6 mm, ndipo G2 ya mbali zonse inalipinda ngati S n'kukulitsa kubwererako. DraftAngleAnalysis, moloza mmwamba, inaonetsa dera lonse kuyambira nthiti 2 mpaka 8 kuti ndi lokola. Boti loyamba likanatuluka pothyola chikombole kapena rail yake.

Masamu ake ndi achidule: kuti khomalo lingoima chilili pafunika 35 kugawa ndi tan ya madigiri 20, yomwe ndi 96 mm. Mzere unakwezedwa kufika 140 mm. BlendSrf inapangidwanso, G2 ku thupi kokha, ndipo ku kona ya rail G0 mwadala. Kupendekera kochepetsetsa kunakhala madigiri awiri, kokwanira kuti boti lituluke.

Kona ya rail siifunika G2 ngakhale pang'ono. Madzi amatsata chinthu chobulungira n'kukwera nacho. Amachoka pakakhala kona. Koma kona yakuthwa pa boti ndi ngodya yothina m'chikombole, m'mene faiba siigona, imasiya mphepo kuseri kwa gelcoat ndipo gelcoat imadzagumuka. Anagwirizana pa radius ya 4 mm, ndi kudzaza ngodyayo ndi phala la resin, utomoni womatira faiba, asanayale faiba yoyamba. Amene wangophunzira kumene G2 amafuna kuyiika paliponse. Funso loyenera pa msoko uliwonse ndi lakuti chinthucho chikagwira ntchito yanji, ndipo chituluka bwanji m'chikombole.

Zotsatira

Nthiti 12 mpaka 17 zinachekedwanso, ndipo 2 mpaka 8 zinawonjezeredwa tizidutswa pamwamba pa rail motsata mapepala atsopano. Kathabwa komwe kaja kanagona pa makona onse popanda kukapanikiza, mbali zonse ziwiri. Plug itakutidwa ndi kupakidwa fila, anaiwaza penti wakuda pang'onopang'ono n'kuikwecha ndi thabwa lalitali la sandipepa la 600 mm. Pamene penti watsala ndiye kuti palowa. M'dera la nthiti 13 penti anachoka mofanana ndi kwina konse. Itapukutidwa mpaka kuwala, chubu cha magetsi chinayendetsedwa m'mbali mwake, ndipo chithunzi chake pa plug chinadutsa pamalo a msoko wakale chosathyoka.

Chikombole chinaumbidwa mu July. Kuzizira kwa m'mawa ku Mzuzu kumachedwetsa kuuma kwa polyester resin, ndiye ntchito ya resin inkayamba dzuwa litakwera, ndipo chikombole chinasiyidwa pa plug nthawi yotalikirapo kuti chisapindike. Boti loyamba linatuluka ndi timphero ta matabwa basi, rail ili yonse. Litayesedwa ku Nkhata Bay kuli mwera wapakatikati, madzi ankagunda pansi pa rail n'kugwera kunja, ndipo mwini wake ananena kuti okhala pakati sakunyowanso ngati kale, ngakhale a kutsogolo kwenikweni amalandirabe pang'ono funde likakula.

Chilema chimodzi chinatsala. Pa 200 mm zomaliza zimene zinamalizidwa ndi manja, mbali ya kumanzere imazimirira msanga kuposa ya kumanja ndi pafupifupi milimita imodzi, ndipo madzulo dzuwa likawomba chammbali zimaoneka kwa amene akudziwa poyang'ana. Sizikhudza kayendedwe ka boti. Pa plug yotsatira, dera limeneli lidzadulidwa pa thupi ngati zenera la mbali zinayi lotalika 600 mm, n'kudzazidwa ndi surface imodzi yogwirizana ndi thupi pa G2 mbali zitatu, ndipo padzaikidwa nthiti ziwiri zowonjezera pakati pa 16 ndi 17 kuti mmisiri akhale ndi chotsatira mpaka kumapeto.